Kavalo wa ku Makhuwira

Lolemba
Chikwawa. Kutentha! Inki ikuuma cholembera chisanafike papepala. Amishoni sanapite m'mbali: ndikafike ku Makhuwira Lamulungu lisanakwane, ndikalembe ana a sukulu yatsopano. Apo ayi mudziwo upita kwa a mpingo wina, ine ndibwerere kumapiri kwathu kukagwira khasu. Zaka zinayi ku koleji, ndiyende wapansi? Iyayi. Mzungu wa thonje wandibwereka kavalo.

Lachiwiri
A Fole, mkulu wosamala kavaloyo, akundilangiza:
kukwera n'kumanzere;
osadutsa kumbuyo kwake;
kunyamuka mbandakucha, dzuwa lisanakwiye;
ukagwa, siya chingwe.
Ndakwerera kumanja. Malangizowa ndikuwalemba ndili pansi pomwe kavaloyo wandigwetsa.

Lachitatu
Chishalo chandisupula. Ndikuyenda ngati bakha. Amayi oyanika nsomba aleka ntchito kuti andione bwino. Wina akuti, "Aphunzitsi, wakwera mnzake ndani?"

Lachinayi
Padoko. Kavalo salowa m'bwato. Ayenera kusambira pambali, ine nditagwira chingwe. Wopalasa akundilimbitsa mtima: "Ng'ona za kuno kavalo sizimudziwa, bambo. Aphunzitsi ndiye zinalawako." Taoloka dzuwa litapendeka. Zanyowa: mabuku, choko, jekete, ulemu.

Lachisanu
Kavalo akudziwa njira imodzi yokha, yolowa m'minda ya mapira ya eni ake. Ndapepesa kanayi, kawiri m'Chisena chothyokathyoka. A Fole, ndi imvi zawo, akuyenda wapansi, ndipo paliponse ndikuwapeza atakhala pamthunzi kundidikira.

Loweruka
Ndavala jekete ya khaki ndi chipewa, buku la maina m'manja, ndalowa m'mudzi ndili pamwamba ngati munthu. Mudzi uli zii! Minsi yasiyidwa m'mitondo, makoka a nsomba pansi, nkhuku zokhazokha. Mayi wina wodwala mwendo, amene walephera kuthawa, wandiuza osandiyang'ana kumaso: kuno wobwera pakavalo ndi buku amadzalemba amuna oti akasenze katundu kunkhondo. Onse ali m'bango, ndi ana omwe. A Fole akuti ndikanawafunsa. Sabata yonse ndawafunsa za chishalo!

Lamulungu
Mphunzitsi wa mpingo wina anafika Lachinayi, wapansi, nsapato m'manja. Dzulo anathawira nawo m'bango. Panopa nyimbo zake zikumveka komweko, ana akuyankha mokweza. Ndamenya chitsulo katatu pansi pa mtengo. Kavalo akudya udzu wa denga la sukulu, ndipo ndamusiya, wina apinduleko. Mawa ndimukokera kwa mwini wake, kenaka kumapiri kwathu kuja, wapansi.

Wabwera mmodzi: mayi uja, akutsimphina. Mwamuna wake anatengedwa chaka chatha, sanabwerere. Akufunsa ngati m'buku langa muli dzina lake, kapena mawu alionse. Ndamutsegulira tsamba ndi tsamba, waona yekha. Mulibe dzina la munthu.