Za Zala Zisanu ndi Zinayi Zimene Zatsala

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Chipatala Chaching'ono cha Kuseri kwa Siteshoni,

Bwana,

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine ndine munthu wamba, wosita nsalu za pabedi m'chipinda cha pansi pa hotela, ndipo sindinalemberepo kalata munthu wa udindo ngati wanu. Ndipepesenso kuti ndalemba m'chilankhulo chathu. Si mwano ayi. Makalata anu onse amatipeza m'chilankhulo chanu, ife n'kumawajambula ndi foni kuti itimasulire, ndiye ndati nanunso mulaweko. Pamene simukumva muzingogwedeza mutu, ndi mmene timachitira ife.

Nkhani yake ndi mapazi a amuna anga. Iwo ndi dalaivala wa basi, zaka khumi ndi chimodzi tsopano m'dziko lanu lino, ndipo akhala ndi matenda a shuga zaka zisanu ndi chimodzi. Miyezi iwiri yapitayo anali ndi zala khumi za kumapazi. Lero chala chachikulu cha kumanja kulibe. A kampani ya mabasi anena kuti angathe kubwerera pa chiwongolero ngati mapazi onse awiri apola. Tsono sabata ino, pochapa, ndapeza banga pa sokosi ya kumanzere. Ntchito yanga ndi ya nsalu, Bwana, banga ndimalidziwa. Lakhofi ndimalidziwa, la inki ndimalidziwa, ndipo ili ndi lofanana ndi limene ndinaliona pa sokosi ya kumanja nkhani yonseyi isanayambe.

Dzulo tinalandira fomu yanu yofunsa ngati tili okhutira ndi chisamaliro chanu. Malo oyankhira ndi timabokosi tokhatokha, pomwe ine zoyamikira ndili nazo zambiri. Ndiloleni ndiziyale pano.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha nyimbo ya pa lamya yanu. Mwatikonzera bwino kuti wofuna kuonana ndi dokotala aziimba 8 koloko m'mawa, nthawi imene amuna anga amakhala atanyamula anthu makumi asanu pamsewu. Choncho woimba ndine, foni nditaipanikiza ndi phewa, manja ali pa nsalu. Mawu aja amandiuza mokoma kuti ndine wa nambala 23 pamzere, kenako nyimbo. Anzanga onse a kuntchito anaiphunzira, mpaka mmodzi amaiimba ndi mluzu akamapinda matawulo. Pakatha mphindi makumi anayi, mayi wa pakauntala amayankha kuti malo a lero atha, ndiyesenso mawa, koma pakadali pano ndione pa intaneti kapena ndikafunse wogulitsa mankhwala. Malangizo amenewa ndinawatsata onse, monga muonere m'munsimu. Malo tinawapeza patatha masabata atatu.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha lamulo lija lomatidwa pachitseko cha dokotala aliyense, lakuti vuto limodzi pa ulendo umodzi, mphindi khumi. Ndi lamulo laukhondo. Kungoti amuna anga analeredwa kuti ukalowa kwa munthu wamkulu sufikira kumugwetsera katundu wolemera pamiyendo. Umapereka moni, umafunsa za kunyumba, umayamba ndi tating'ono, ndipo chimene wabwerera chenicheni chimatuluka pomaliza. Tsiku limenelo anapita ndi nkhani ziwiri, khutu loyabwa ndi chala chotupa. Anayamba ndi khutu.

Ndinene zoona, khutulo linasamalidwa. Adokotala analiunika ndi katochi, kunja ndi mkati, n'kulemba mankhwala odontheza. Amuna anga atakonza kukhosi kuti tsopano afike pa mutu wa nkhani, anapeza adokotala aimirira kale, dzanja lili pa chitseko, akumwetulira. Iwo anathokoza kawiri n'kutuluka. Khutu lija linachira, Bwana. Likumva bwino kwambiri. Ndi lomwelo limene linamva pamene a ku chipatala chachikulu ankanena kuti chala chichoke.

3. Ndikuthokoza chifukwa cha funso la manambala. Ulendo wachiwiri, patatha masabata ena atatu a nyimbo, ndinawalumbiritsa pakhomo kuti akatchule chala asanatchule china chilichonse. Anatchuladi. Adokotala, maso ali pa kompyuta, anafunsa kuti kuyambira pa 1 kufika pa 10 ululu wake uli pati. Amuna anga anandifotokozera okha mmene anawerengera. Anati 10 ndi ya amayi pobereka, 8 ndi ya munthu wogundidwa ndi galimoto, 5 ndi ya anthu okonda kudandaula, ndipo panja panali gogo wina akubuula amene sakanafuna kumulanda malo. Anayankha kuti 3.

Sananame kwenikweni. Ndaphunzira mochedwa kuti shuga amapha mitsempha ya kumapazi, moti munthu akhoza kuponda msomali n'kumayenda akuimba nyimbo. Kompyuta yanu imadziwa kuti iwo ali ndi shuga, chifukwa ndi yomweyo imene imawalembera mapiritsi mwezi ndi mwezi. Koma sindikuiimba mlandu, ilibe maso. Inalandira 3 wakeyo, ndipo adokotala analangiza kuti azivala nsapato zosathina. Palibe anati vulani tione. Ndipo amuna anga si munthu woti angavule nsapato mu ofesi ya mwana wamkazi wa eni ake, wophunzira, asanauzidwe, makamaka podziwa kuti m'nsapatomo mwayamba kafungo.

Pamenepa ndivomere mbali yanga. Kwa dokotala amuna anga amapita ngati akupita kukafunsira ntchito: malaya oyera, tayi, jekete, nsapato zowala. Anzawo a kudepoti amawatchula kuti a Jekete. Malayawo ndimasita ndine, polishi ndimapaka ndine. Ndinkaona odwala anzathu a kuno akubwera ndi zovala zogonera, tsitsi losapesa, akubuula kuyambira pageti, ine n'kumati anthuwa alibe ulemu. Kani ndiwo amadziwa chilankhulo cha pamalopo. Kalata imene munatitumizira pambuyo pake inati wodwalayu akuoneka waukhondo, wansangala ndi wathanzi. Ndinanyadira pang'ono, chifukwa chimene munayeza tsiku limenelo ndi kusita kwanga, ndipo ndinakhoza.

4. Ndikuthokoza potitumiza kwa wogulitsa mankhwala wa pakona. Ndi bambo wachifundo, wa chovala choyera ngati cha adokotala, ndipo amatidziwa nkhope. Kauntala yake imamufika munthu pachifuwa, choncho pa zaka zonsezi sanaonepo kasitomala kuchokera m'chiuno kupita pansi. Anamvetsera bwinobwino, n'kunena kuti lamulo silimulola kunena kanthu pa bala limene dokotala sanalione. Anatipatsa mafuta opaka, n'kutilangiza kuti zikapitirira tikaonane ndi dokotala. Ndinamuuza kuti kwa dokotala ndiko tachokera. Anati ndiye zili bwino.

5. Ndikuthokoza potitumiza ku intaneti. Kumeneko ndiye kulibe mzere, kulibe nyimbo, ndipo ungafunse mavuto khumi pa ulendo umodzi. Ndinalemba kuti chala chotupa chakuda, ndipo foni inandiyankha kuti mwina ndi nsapato yothina, mwina ndi imfa pasanathe masiku atatu, ndisankhe ndekha. Nditatumiza chithunzi pa gulu la achibale, alamu anga anayankha ndi uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi zinayi, zisanu ndi ziwiri za moni, ziwiri zonena kuti achimwene awo sankadwaladwala asanandikwatire.

Kenako ndinapeza kanema wa bambo wina wa chovala choyera, woonedwa ndi anthu mamiliyoni awiri. Iyeyu anati phazi lotere uliviike m'madzi otentha a mchere, m'mawa ndi madzulo. Ndinamukhulupirira, ndipo ndikuuzani chifukwa chake: pa anthu onse a zovala zoyera amene tinawafunsa, ndi yekhayo amene ndinamuona atagwira phazi m'manja. Ndinatereka madzi, n'kuika beseni pakhitchini, n'kufunsa amuna anga ngati akutentha. Anati ali bwinobwino. Sankamva kanthu. Tsiku lachinayi nditatulutsa phazi lija khungu linali litasupuka. Ndinawawotcha ndi manja angawa, masiku anayi otsatizana, ndikuganiza kuti ndikuwachiza. Chimenechi chimandiwawa, Bwana, ndipo pa ichi chokha sindingathe kuseka.

6. Pomaliza ndikuthokoza chifukwa cha langizo la nsapato zosathina, popeza ndi limene linatipulumutsa, ngakhale linadzera njira yaitali. Amuna anga, pomvera adokotala, anatenga nsapato ya kumanja kupita nayo kwa mkulu wina wosoka nsapato ndi kusula makiyi m'kachipinda ka mu siteshoni, kuti akaikuze. Mkuluyu alibe satifiketi pakhoma, ali ndi kalendala ya chaka chatha basi. Analowetsa dzanja m'nsapatomo, n'kulitulutsa, n'kuliyang'ana, n'kununkhiza. Kenako anawauza amuna anga kuti akhale pampando, iye n'kugwada pansi, n'kuwavula yekha nsapato imene anavala tsiku limenelo pamodzi ndi sokosi. Anati nsapato ilibe mlandu. Anatseka kachipinda kake masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuwakweza takisi mpaka ku chipatala chachikulu. Kuyeza kwake konseko sikunakwane mphindi ziwiri, kutanthauza kuti pa mphindi khumi zanu zija akanabweza zisanu ndi zitatu.

Kumeneko dokotala wa opaleshoni anakalipa. Anafunsa kuti munthu wa shuga amachedwa bwanji chonchi, ndipo kodi alibe chipatala cha kwawo. Amuna anga anapepesa. Atagona pa kabedi ka matayala, tayi ili m'khosi, anapepesa chifukwa chotayitsa nthawi anthu otanganidwa. Dzina la chipatala chanu sanalitchule, anati si bwino kuika anthu m'mavuto pa ntchito yawo.

Fomu yanu ija anali atayamba kale kuyankha okha, ndipo pa funso loti ndife okhutira bwanji kuyambira pa 1 kufika pa 10 anachonga 10. Anati atsikana a pachipatala chanu aja amayesetsa. Ndawalanda, ndafufuta, ndachonga 3. Musaione ngati nambala yochepa. Mukudziwa tsopano kuti kunyumba kwathu 3 ndi nambala imene timatchula chala chikamawola.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha, potsata lamulo.

Lachinayi likubwerali, 10 koloko m'mawa, amuna anga ali ndi malo kwa dokotala wanu. Malowo ndi oonetsa bala la phazi la kumanja. Nditafunsa mayi wa pakauntala ngati angaonedwenso la kumanzere, anandiyankha mwaulemu kuti limenelo ndi vuto lachiwiri, ndiimbe 8 koloko. Masabata atatu ena phazi limenelo lilibe. Ine sindidzakhalapo kuti ndiwalankhulire, chifukwa masiku anga onse a tchuthi anathera pa mpando wa m'chipatala chachikulu, ndipo Lachinayi ndi tsiku losintha nsalu m'zipinda zonse za hotela.

Ndayesa kuwaphunzitsa. Ndawapempha kuti apite ndi malaya osasita, akana, ati iwo si wamisala. Ndawapempha kuti abuule pang'ono polowa, ati abuulira chiyani pomwe sakumva kuwawa. Takhala pakhitchini kuyeserera kutchula 8, ine ndili dokotala, ndipo pofika dzulo tinafika pa 4. Choncho adzabwera mmene mumawadziwira. Adzavala jekete ndi tayi. Adzapereka moni, adzafunsa ngati ana ali bwino kunyumba, ndipo akadzafunsidwa adzati akupezako bwino. Phazi la kumanja lidzakhala mu bandeji, poonekera. La kumanzere lidzakhala mu nsapato yakuda yowala kwambiri, chifukwa ndikakana kupaka polishi amapaka okha.

Ndikupempha, ngati sikuphwanya malamulo a chipatala, kuti mapazi awiriwa muwawerenge ngati vuto limodzi, poti onse ndi a munthu mmodzi. Ndikupempha kuti wina atembenuze mpando kuchoka ku kompyuta, ayang'ane pansi, anene kuti vulani nsapato. Akauzidwa amamvera, ndi khalidwe lawo. Ndawayesa ndi wotchi: kumasula zingwe, kuvula nsapato ndi sokosi, zimawatengera masekondi makumi anayi. Ngati mwa antchito anu onse palibe amene msana wake umalola kuwerama, ndiuzeni msanga. Mkulu wa mu siteshoni uja wati akhoza kutseka kachipinda kake mphindi khumi.

Nsapato ya kumanja ija ndaisiya pa kauntala yanu m'kajumbo, pamodzi ndi kalatayi, popeza mwini wake sakuivalanso. Sikufuna malo, sikufuna mankhwala. Mukapeza kampata muisuzumire mkati, kuti pa chipatala chanu papezeke munthu mmodzi amene anateroko Lachinayi lisanafike.

Ndine wanu wodzichepetsa, amene mawa 8 koloko adzakhalanso pamzere,

Mkazi wa a Jekete,
wosita nsalu, chipinda cha pansi.