Chiwongoladzanja Chinandilanda Chiwongolero

Anthu ena ntchito imawathera chifukwa cha ulesi, ena chifukwa cha kuba. Ine chimene chinandipweteka ndi khama. Poti ena mwayamba kale kunong'onezana tikamatuluka mu mzikiti, bola ndinene ndekha.

Kwa zaka zinayi ndinali dalaivala wa banja lina ku Al Messila, kuno ku Qatar. Makamaka ndinkayendetsa madam: kusukulu kwa ana, kogula zinthu, kwa achemwali awo ku Al Thumama. Laisensi anali nayo, koma chigalimoto cha pakhomopo ankachiopa ngati ng'ombe yolusa. Kontrakiti yanga itatsala miyezi itatu kuti ithe, ndinaganiza zowaonetsa bwana kuti m'mutu mwangamu simuli misewu yokha.

Mpata ndinaupeza kukhitchini. Wophika wathu, bambo wa ku India, anandiuza kuti mng'ono wake wagula galimoto ya magetsi pa ngongole, ndipo boma limamuchepetsera msonkho chifukwa cha chiwongoladzanja chimene amalipira kubanki. Sindinafunse kuti boma lake liti. (Aphunzitsi anga a ku Machinga, vuto si lanu.)

M'mawa mwake ndikuwaperekeza bwana kuofesi, ndinayamba. "Bwana, anthu ochenjera masiku ano akugula za magetsi. Mukatenga loni, boma limakubwezerani pa msonkho." Anangoti "Inshallah" maso ali pa foni. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Ine ndinabwereza Lolemba, Lachiwiri, mpaka madam nawonso ndinawalalikira ana akumva kumbuyo.

Loweruka bwana anati, "Yalla, tiye ukatisonyeze." Ndinavala malaya ositidwa bwino.

Titafika kogulitsa magalimoto, ndinatsogola ndine. Ndinamuuza wogulitsa uja mokweza kuti awafotokozere bwana za kuchotsera msonkho.

"Msonkho uti?" anafunsa.

"Wa pa malipiro."

Anandiyang'ana mwachifundo. "Kuno pa malipiro sadula msonkho. Inuyo pa salale yanu anayamba adulapo?"

Zaka zinayi ndikulandira ndalama yathunthu, osadabwa ngakhale kamodzi. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Bwana sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anafunsa pang'onopang'ono ngati akuwerengera mwana wa sitandade wani. "Ndiye umafuna ndikongole ndalama ndili nazo kale, ndizilipira chiwongoladzanja, riba imene chipembedzo chathu chimaletsa, kuti andichepetsere msonkho umene sindilipira? Iwe, Lachisanu sitipemphera limodzi?"

Panthawiyi madam, amene tinabwera nawo, anali atalowa m'kagalimoto kena ka magetsi koyera pakona. Kakang'ono, kopanda phokoso, makamera mbali zonse, koimika kokha pakafunika kuimika. Anapempha kukayesa. Anazungulira nako kawiri, ndipo potuluka nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wachira matenda a zaka zambiri.

"Khalas, basi," anatero. "Titenga kameneka."

Bwana analipira tsiku lomwelo, popanda ngongole. Pobwerera madam anayendetsa okha, amuna awo ali pambali. Ine ndinkatsatira kumbuyo ndi chigalimoto chija, ndekhandekha, ndikupemphera (Mulungu andikhululukire) kuti agunde kanthu kakang'ono, ngakhale bini. Sanagunde.

Patapita masabata awiri bwana anandiitana. Anati kuofesi atha kumapita okha, ndipo madam sakufunanso dalaivala. Koma wosamalira maluwa wabwerera kwawo, ndiye ngati ndikufuna nditha kulowa m'malo mwake, malipiro otsikirapo. Ndinaganiza za ana anga awiri amene ali ku sekondale. Ndinavomera.

Panopa ndimathirira kapinga dzuwa likuotcha pakhosi, ndipo madzulo ndimalumikiza kagalimoto kaja kumagetsi ngati foni. Madam amandibayibitsa akamatuluka pageti. Wophika uja ndikamudandaulira amangoti, "Ine ndinanena za kwathu."

Ndaphunzira kufunsa kaye ndisanayambe kulangiza anthu, ngakhale tsopano palibenso wondifunsa malangizo. Kumudzi sindinanene. Mayi a kunyumba akudziwabe kuti mwamuna wawo ndi dalaivala ku Qatar. Dzulo pa foni anati, "Bambo a Shakira, mukadzabwera mudzandiphunzitseko kuyendetsa galimoto."

Ndinawauza kuti netiweki ikuvuta.