Jakisoni wa Ana Osamva

Pali zinthu zina zimene ukazikumbukira umaphimba kumaso ngakhale uli wekha m'nyumba. Yanga ine ndi ya tsiku limene mwana wanga anandiyalutsa kuchipatala, ndipo chowawa n'chakuti sananame ngakhale liwu limodzi.

Ndimagulitsa usipa pamsika wa Khombedza. Ndili ndi mwana wamkazi, Tadala, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu. Mwanayu ndi nkhutukumve (bambo ake amati anatengera ine, koma nkhani imeneyo tiisiye). Kukalipa sikunkathandiza, ndiye ndinamupezera mankhwala ake: jakisoni. Akakana phala, "Ndikakubayitsa jakisoni." Akathawa kusamba, jakisoni. Akalowa yekha m'madzi kunyanja, majakisoni awiri. Zinkayenda bwino moti ndinkalangizako ndi anzanga omwe.

Pamene ndinalakwitsa zedi ndi pomuonetsa mwini wake wa jakisoniyo. Pali anesi ena a pachipatala chathu chaching'ono, mayi ofatsa, amene amagula nsomba pabenchi langa Loweruka lililonse. Tsiku lina Tadala akuvuta, ndinawaona akubwera chapatali.

"Wawaona awo?" ndinamunong'oneza. "M'chikwama chawocho muli jakisoni wa ng'ombe, wobayira ana osamva."

Kuyambira pamenepo, anesi akangotulukira, mwana ankalowa pansi pa benchi. Iwo n'kumati, "Koma mwana wanuyu ndi wamanyazi bwanji!" Ine n'kumavomera, "Eee, kwabasi."

M'mawa wina tinapita kudoko kukapikula nsomba. Ndili kalikiliki kusankha usipa pathandala loyanikapo nsomba, ndinangomva mfuu. Tadala anali ataponda mbedza yadzimbiri, ndipo inali italowa m'chidendene n'kukanirira momwemo. Msodzi wina anafuna kuisolola, koma mnzake anamugwira dzanja. "Ing'amba mnofu imeneyo. Thamangirani kuchipatala, mayi." Tinakwera kabaza wa njinga yamoto, mwana ali pakati, phazi lili m'mwamba.

Titafika, anthu a pamzere anatipatsa mpata ataona magazi. Chitseko kutseguka, mukuganiza kuti tinapeza ndani? Anesi omwe aja.

Tadala anaiwala za mbedza. Anandikakamira m'khosi mpaka ndinabanika. "Amayi, sindinalakwe! Sindinalowe m'madzi, amayi!"

"Tonthola, sizipweteka," ndinatero (bodza linanso limenelo).

Anesi anayang'ana balalo n'kundiuza kuti afunika kubaya jakisoni wochititsa dzanzi kuti achotse mbedza, kenako wina woteteza kafumbata. Mwana atangomva zobayazo, anayamba kuulula machimo ngati ali pamsonkhano wachitsitsimutso.

"Shuga uja ndinanyambita ndine! Mbale ija sanaswe ndi mphaka ayi! Sindidzachitanso!"

(Mphakayo anali atatha sabata yathunthu osaloledwa kulowa m'nyumba.)

Uku akuulula, uku akupalasa miyendo, mbedza ikugwedezeka, magazi akuchulukira. Ine mantha ndi manyazi zinandizunguza mutu, ndipo pakamwa panga panatuluka zimene panazolowera. "Iwe! Ukapanda kukhala chete akubaya awiri!"

Anesi anandiyang'ana osaphethira. Majakisoniwo analidi awiri, ndipo anali atangondiuza kumene.

Anaika zonse patebulo n'kukhala pakampando kakafupi, nkhope yawo kulingana ndi ya mwana. "Tadala, anakuuza ndani kuti jakisoni ndi wa ana olakwa?"

"Amayi. Akuti m'chikwama mwanumo muli wa ng'ombe."

Chitseko chinali chosatseka bwino, ndipo pamzere paja bambo wina anaseka mpaka kutsokomola. Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowepo.

Anesi sanandikalipire, mwina zikanakhalako bwino. Anangotenga chikwama chija n'kuchitsegula pamaso pa mwana. Munali foni, buku la nyimbo ndi theka la sikono. Kenako anatenga golovesi, n'kuliuzira mpaka linatupa ngati bere la ng'ombe, n'kulijambula maso awiri ndi cholembera.

"Mayi, mukhazikeni pamiyendo panu, ayang'ane kwa inu, chifuwa ndi chifuwa. Musamupanikize ngati mbuzi yopita kumsika, mungomukumbatira. Chidole ichi mugwirizire paphewa panu." Atatero anatembenukira kwa mwana. "Ine sindikunamiza ayi. Zipweteka pang'ono, ngati wakuluma linthumbwi. Sukulangidwa. Tikufuna mbedza ituluke kuti uzithamanganso. Ndikati uzira, uuzire chidolechi mpaka chigwe. Ukafuna kulira, lira, koma phazi undisungire."

Analiradi, koma phazi silinagwedezeke. Anauzira ndi mphamvu zake zonse, malovu onse kuthera kumaso kwanga. Kamtima kake ndinkakamva kakugunda pachifuwa panga, ndipo ndinamva chisoni chimene sindingathe kuchifotokoza, chifukwa mantha amenewo ndinali nditawabzala ndekha, tsiku ndi tsiku, pofuna kungoti mwana amalize phala. Mbedza inatuluka iye akuthamangitsabe chidole ndi mpweya. Pa jakisoni wachiwiri anesi anamufunsa mkono umene akufuna, ndipo anapereka yekha wakumanzere.

Tikutuluka, anesi anandigwira paphewa n'kulankhula motsitsa mawu kuti a pamzere asamve. "Ana ambiri amene amavuta muno amakhala ataopsezedwa kale kunyumba, mayi. Ife timangolandira mlandu."

Tinakhala panja kudikira mankhwala, phazi litamangidwa bandeji. Kenako Tadala anandikoka chitenje.

"Amayi, ndiye andibayira shuga uja?"

"Ayi, mwananga. Iwe sunalakwe chilichonse. Ndinkakunamiza, wolakwa ndine."

Anaganiza kaye, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye inuyo akubayani liti?"

Zoopseza mwana ndi jakisoni ndinasiya tsiku lomwelo, ngakhale kuti sabata yathayi ndinadzigwira pakamwa nditayamba kale kutchula apolisi.