Mamita a Madzi Akuyankhula, Ine Ndili pa Chulu

Lolemba

Katundu wafika! Yohane, mnzanga wa ku koleji amene ali ku Joni, wasunga lonjezo. Mu envulopu muli:
kachipangizo konga fulashi, kolowetsa pa laputopu;
kaeriyo kowonda ngati sipoko ya njinga;
kapepala: "Iyi ndi wailesi koma siimba nyimbo. Usaope zenera lakuda."

Ndilembe nkhani yake, mwina mtima ukhala pansi. Madzi athu amachokera m'phiri, n'kugwera m'thanki, n'kutsikira ku mipopi khumi ndi iwiri. Ikamakwana teni koloko, mipopi ya kumunsi imangotulutsa mphepo. Wina kumtunda kuno akumwa madzi a mudzi wonse. Zala zonse zaloza apongozi anga, a Namakhwa, poti kabichi wa m'dimba mwawo wabiriwira dzuwa lili phwee. Lamulungu, tikaweruka kutchalitchi, komiti ya madzi ikukatseka mpopi wawo.

Mlembi wa komitiyo ndine. Mkamwini wa pakhomo pa a Namakhwa ndinenso. Mkazi wanga, amake Tamanda, angoti: "Si munapita ku koleji inu? Apulumutseni bambo."

Mwayi wanga ndi uwu. A bungwe amene anatiikira mipopi anaikanso m'mabokosi mamita opanda powerengera, otumiza okha m'mlengalenga kuchuluka kwa madzi amene adutsa. Ntchito itatha anapita ndi makina awo omvera. Ndiye kuti zaka zonsezi mamitawo akuyankhula, womvera palibe!

Pulani: kuwamvera, kugwira wakuba weniweni, kuyeretsa dzina la apongozi. Zophweka.

Lachiwiri

Pulogalamu yake ilibe mabatani, ilibe zithunzi. Zenera lakuda bii, kamzere kakuphethira pakona, kudikira kuti ndilembe lamulo. Ine kulamula! Pakhomo pano sindinalamulepo ngakhale nkhuku.

Netiweki yavuta, ndiye ndili ku Songani, pakhonde la golosale, laputopu pamiyendo. Lamulo loyamba: yakana. Lachiwiri: yakana mwaulemu, mizere khumi ya Chingerezi chimene sitinaphunzire ku koleji. Yohane pa foni: "Laputopu yakoyo ikuyesa kuti kachipangizoko ndi koonera kanema. Iletse." Ndikuiletsa. Yamvera!

Kenako mzere umodzi woyera, tsee, pazenera. Si mita ya madzi. Yohane akuti ndi tayala la galimoto yaikulu ija yangodutsa kupita ku Liwonde, likuuza dalaivala mpweya umene latsala nawo. Tayala kuyankhula! Ndikuyang'ana msewu, ma minibasi, azimayi a tomato, mitengo ya mango, ndipo pakati pa zonsezi pakudutsa mawu amene palibe akuwamva koma ine. Mwini golosale: "Aphunzitsi, mukudwala?"

Lachitatu

M'mawa, pamwamba pa chulu cha pafupi ndi thanki. Eriyo ndamangirira ku nsungwi ndi mphira. Ndikulemba lamulo.

Chete. Chete. Kenako mzere. Wina. Winanso!

Onse khumi ndi awiri! Mita iliyonse ikutchula nambala yake, malita amene adutsa, n'kukhala chete, n'kubwerezanso, mosatopa, mosakwiya kuti sinayankhidwe chiikidwire. Chigwa chonse cha Domasi chili poteropo, phiri kumbuyo kwanga, ndipo tizitsulo ta m'mabokosi tikundiuza zoona. Ndavula chipewa osadziwa.

Ndipo wakuba ndamuona. Mita ya nambala yothera 47 ikuthamanga ngati yathamangitsidwa ndi galu, pamene zinzake zikuyenda ngati zikuperekeza mkwatibwi.

Vuto: 47 ndi ya ndani? Pulogalamu imadziwa manambala, sidziwa anthu. Manambalawo analembedwa pa timapepala tomata pamwamba pa mamita. Ndikuthamangira ku bokosi lapafupi. Penti wabuluu. Bokosi lachiwiri, penti wabuluu. Tinapaka chaka chatha pokonzekera alendo, mabokosi ndi mamita omwe, kawiri, kuti ziwale. Ndikutsegula buku la misonkhano kuti ndione chitsiru chimene chinabweretsa ganizoli. Dzina ndi langa. Kalembedwe ndi kanganso.

Kukapala penti pakhomo lililonse sikutheka. Mkamwini wogwada m'mabwalo a eni ndi msomali m'manja, mawa lake nkhani ili kwa ankhoswe.

Lachinayi

Pulani yachiwiri, yausayansi. Mipopi yonse itsekedwe, tizitsegula umodziumodzi, ine pa chulu ndizionera nambala imene yasuntha. A tcheya a komiti, Mayi Chiwaya, alengeza khomo ndi khomo kuti aliyense adikire mluzu wawo.

Chimene sindinaganizire: anthu akufuna kuona ngati makinawo amamvadi. Mluzu usanalire, aliyense watsegula wake pang'ono, mwakachetechete, kuti andiyese. Aliyense! Manambala khumi ndi awiri akuvina pamodzi. Kukongola kwake, abale! Phindu lake, palibe.

Thanki yauma naini isanakwane. A kumunsi akwera ndi zidebe zopanda kanthu, azinga chulu. Zimene ndamva ndili pamwamba:
"Kale amatha teni, lero abwera a sayansi atha eyiti."
"Achimwene, funsani makinawo ngati ana athu asambe manambala."
"Ameneyu si mkamwini wa a Namakhwa yemwe uja?"

Ndatsika pamene nyerere zayamba kulowerera nkhaniyi.

Lachisanu

Mbiri yayenda. Akuti makina a aphunzitsi amamva amene watsegula mpopi, nthawi yake, ngakhale amene wasamba kawiri. Gogo wina wa kumtunda akuti amamvanso miseche ya pampopi. Sindinatsutse msanga, ndipo pano nthawi yotsutsa yadutsa.

Pa chulu. Mamita onse akuyankhula, manambala osasuntha. Munthu akatunga, chidebe chimodzi, n'kutseka mothina, n'kuyang'ana kuno. Ochapa atsikira kumtsinje. Ndipo 47 yaima nji, ngati sinalawepo madzi chibadwire.

Masana, phokoso lachilendo kumbuyo kwanga. Thanki yasefukira! Madzi akutsika m'khoma, kunyezimira. Chifikire pamudzi pano sindinaonepo. Kumunsi nthungululu, mipopi ikutuluka mpaka madzulo. Kachipangizo kosaposa chala changa kadzaza thanki popanda kukhudza dontho.

Koma umboni wanga wapita. Wakuba wasanduka mkhristu wabwino, ndipo dzina la apongozi likadali pakamwa pa anthu.

Loweruka

Apongozi andiitana. Ine pansi cha apo, iwo pampando atayang'ana kumbali, amake Tamanda pakati ponyamula mawu, monga mwa ulemu wake. Zanyengo, za mbuzi, za mtengo wa feteleza. Kenako, motsitsa: "Auzeni bambo a Tamanda kuti makina awowo asamavutike n'kumvetsera cha kudimba kuno. Kulibe nkhani."

Mtima wanga phaa.

Apongozi atapita kumaliro ku Naisi, ine ndi msomali, pa bokosi lawo. Penti woyamba. Penti wachiwiri. Folo. Seveni. Kuseri kwa bokosi, paipi yakuda yokwiriridwa bwinobwino, yolunjika ku kabichi. Ntchito yaukhondo, ndivomereze.

Ndiye kuti Lachitatu lija ndinkamvera apongozi anga akuthirira. Mita sinanamepo ngakhale lita imodzi, ndipo ndikuilemekezabe, ngakhale yandiphera ukwati.

Amake Tamanda, osandiyang'ana: "Mawa mukayankhule ngati munthu wokhala pano."

Lamulungu

Msonkhano pansi pa mtengo wa kuseri kwa tchalitchi. Laputopu patebulo, anthu akhala patali nayo. Mayi Chiwaya: "A mlembi, makina akuti chiyani?" Ndikuti kuyambira Lachisanu palibe mita imene ikudya madzi kuposa inzake. Ndi zoona. Ndi zoona zoonda, koma ndi zoona.

Mayi Chiwaya akuyang'ana zikhadabo zanga, penti wabuluu adakalimo. Akuyang'ana apongozi. Apongozi akuyang'ana phiri.

Chigamulo:
mpopi wa a Namakhwa sutsekedwa, poti madzi akufika kumunsi;
ukadzangouma wa kumunsi tsiku limodzi, a mlembi adzatchula dzina pamaso pa onse;
a mlembi azikhala pa chulu ndi makina m'mawa uliwonse, anthu aziwaona.

Manja, nthungululu. Amake Tamanda amwetulira koyamba chiyambire sabata.

Madzulo ndikupeza pakhomo panga makheni awiri atsopano othirira, oimikidwa bwino. Uthenga wa apongozi kudzera mwa mwana wawo: kabichi wafota masiku atatu, kumtsinje si kutali kwenikweni, ndipo ndi bwino kuthirira dzuwa lisanatuluke kuti ndisachedwe ku chulu.

Mizere ya kabichi ndaiwerenga. Ilipo makumi anayi.