Tsiku Limene Ndinabweza Matalala ku Lizulu

Amene akunena kuti ine sindidziwa kuima pa neti abwere akhale apa, andiyang'ane m'maso. Sindikweza mawu, ndakula. Ndingofotokoza zimene zinachitika, kenako muweruze nokha ngati munthu ngati ine ayenera kuchotsedwa pa masewera a Loweruka.

Masewera a pikobo awa anabwera nawo pa boma pano ndi Eneless, mwana wa mlongo wanga, pochokera ku Lilongwe. Anajambula mizere pa simenti kuseri kwa tchalitchi, n'kumanga neti yolekeza m'chiuno, n'kutipatsa timatabwa ndi kampira ka pulasitiki kobowokabowoka. Akuluakulufe timasewera awiriawiri, ndipo mnzanga wakhala a Ngozo, amene tinkavina nawo ngoma tili anyamata. Tsopano Loweruka kukubwera achikulire a ku Dedza kudzapikisana nafe, ndipo Eneless, mwana yemwe ndinkamukweza pa njinga popita kusukulu, wandiuza kuti ndikhale pa benchi. Akuti vole yanga n'njoipa, kutanthauza kubweza mpira uli m'malere usanagunde pansi. Akuti ndimakokera dzanja kumbuyo ngati ndikugwetsa mtengo, ndiponso ndimaponda khitchini, kadera koyandikira neti kamene suloledwa kuimamo pobweza mpira wa m'malere. Pamalo panga aikapo a Kamwendo ogulitsa kabichi. A Ngozo anangoyang'ana nsapato zawo.

Ine wosadziwa vole? Mukumva?

Ndisanasamukire kuno ndinali ndi munda wa kachewere ku Lizulu, m'mphepete mwa msewu waukulu umene uli malire athu ndi Mozambiki. Mbewu itachita maluwa, masana ena kunatulukira mtambo wakuda tsidya linalo, ndipo aliyense wolima kumtunda kuja amadziwa kuti mtambo wotere umabwera ndi matalala, amene amasiya munda uli ngati mwagona ng'ombe. Anthu anathawira m'nyumba. Ine ndinazula thabwa la kumbuyo kwa ngolo yanga n'kukaima pakati pa mizere, chifukwa kachewere wa maluwa sapondedwa, ukaponda mzere wapha mbatata za pansi. Khitchini yanga yoyamba inali imeneyo, ndipo sindinaiponde ngakhale ndi chala.

Talala loyamba linali ngati dzira la nkhanga. Sindinakokere dzanja kumbuyo, ayi, thabwa linali patsogolo pa chifuwa, mawondo opinda pang'ono, dzanja lofewa ngati wagwira mwanapiye, ndipo ndinangolikankha, n'kubwerera kumene linachokera. Mtambo unadabwa, unatumiza ena ngati maungu aang'ono, ena kumanja, ena kumanzere, ena molunjika pamchombo, ine ndikungotembenuza thabwa uku ndi uku mapazi ali pomwepo, mpaka mtambowo, poona kuti matalala ake akutha, unayamba kundibwezera omwe ndaubwezerawo, ndipo pamenepo tinali tikusewera basi, ine kuno, iwo uko, msewu wa phula uli neti yathu, madalaivala a malole ataimitsa injini, azimayi a pamsika atasiya matimati awo n'kumatembenuza makosi limodzi ngati nkhuku zoonera mphamba. Thabwa linatentha mpaka kufuka utsi, matalala ena ankasungunuka asanalikhudze, madzi ake n'kumathirira mbewu yanga bwinobwino. Mukumva? Ngati ndikunama, mwendo wabwinowu uume ngati unzakewu.

Nditaona kuti mtambo wayamba kupuma wefuwefu, ndinatenga talala lomaliza n'kuligwetsa mofatsa kungodutsa msewu, pafupi penipeni. Mtambo unawerama kuti ulitole, unapunthwa paphiri, n'kukhuthukira wonse ku Mozambiki. Anthu a tsidya lija anatola madzi oundanawo m'matumba, ndipo anamwa zozizira mpaka nyengo yotentha inatha. Mpaka lero ndikapita ku Lizulu amandivulira chipewa.

Nkhani imeneyi ndinawauza dzulo pabwalo paja, modekha ngati mmene ndikukuuziranimu. Eneless anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: “Nanga malume, bwanji Lachiwiri mpira unakumenyani pamphuno thabwa lili kumsana?”

Ndinamuyankha kuti kampira kake kali ndi mabowo, kamachedwa m'njira, ndipo munthu wozolowera matalala amakhala atabweza kale iko kasanafike. Vuto si dzanja langa, ndi mpira.

Pamenepo a Ngozo anapeza mawu. Anati tsiku la matalalalo analipo, ndipo ine anandipeza pansi pa ngolo, nditafunda thumba.

Pansi pa ngolo ndinalowapodi, koma nditamaliza ntchito, ndipo munthu wotopa amapuma pamene wafuna. Iwowo anandiona bwanji ngati sanali pansi pomwepo? Ngoloyo ikadalipo kwa mphwanga, mukaione, thabwa lakumbuyo palibe mpaka lero. Ngati kachewere sitinakolole chaka chimenecho, imeneyo ndi nkhani ya chiwawu.

Loweruka ndidzavala nsapato zanga zoyera, ndidzafika a Kamwendo asanamwe tiyi, ndidzaima pa neti pambali pa a Ngozo, chala chili kunja kwa khitchini. Wofuna kundichotsapo abwere ndi mtambo wake.