Tsiku Limene Njira Inatsekeka

Senderani kuno, inu apakhomo inunso, chifukwa nkhani iyi si yofuula. Kufuula n'kumene kunandilakwitsa ine.

Amuna anga, abambo a Esitere, masamba ankati ndi ndiwo za mbuzi. Iwo n'kanyenya wa pa Chiringa, ufa woyera, ndi kukhala pa bawo mpaka dzuwa kupendeka. Madzi ankamwa ngati mankhwala owawa.

M'mawa wina wa dzinja, mvula itagwa sabata yathunthu, ndinawapeza pakhonde atakwinya nkhope. Anandiitana monong'ona.

"Amayi, njira yatsekeka. Chiyambire Lamulungu palibe chadutsa."

(Ndiuzeni inuyo, ndi mvula imeneyo mukanaganiza njira iti?)

Ine ulendo wa kumjigo. Ndinauza amayi onse kuti mlatho wopita ku Chiringa wakokoloka, anena abambo a Esitere. Anambewe, mnansi wathu, anali atasenza kale chimanga cha kuchigayo, anatula. Akabaza awiri anabwerera panjira. Pofika masana nkhani inali itanenepa, ati madzi atenganso ng'ombe.

Kenako anatulukira Fulaye wakabaza, atakweza munthu kuchokera ku Chiringa komweko. Anati mlatho uli bwinobwino. Basi gulu lonse kwathu, kukamva kwa mwini nkhani.

"Abambo, njira yake iti yatsekekayo?" anafunsa Anambewe.

Amuna anga anangowerama, dzanja lili pamimba, mimbayo ili ngati ng'oma. Apo m'pamene ndinazindikira, koma pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Ooo, mumanena kudzimbidwa?"

Pamaso pa mkamwini wawo, amene analinso m'gulumo, anthuni. Amayi anaseka mpaka kugwira mizati ya khonde. Koma amuna ayi, aliyense anapeza choyang'ana pansi.

Abambo a Esitere anasiya kundiyankhula. Ine ndinapepesa ndi mapapaya, therere, mgaiwa ndi chikho cha madzi, n'kuwapatsa khasu kuti akayendeyende kumunda. Ndinawaopseza kuti zikakanika tipita kuchipatala ku Boma, akafotokoze okha. Sitinapite. Njira inatseguka.

Chodabwitsa, amuna amene sanasekewo anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzapempha mapapaya, ati ndi a ana. Fulaye yekha ndiye ananong'ona kuti mlatho wa kwawonso ukuvuta.

Lero Fulaye ali ndi mitengo yake ya mapapaya kuseri kwa nyumba. Anambewe akandiona amafunsa ngati ku Chiringa kukudutsika. Abambo a Esitere amadya chisoso osadandaula, koma akadwala amauza Esitere, ine ndimamvera kwa mwanayo.

Ine ndinaphunzira kusunga chinsinsi. Ndiye inunso musakauze munthu.