Tsiku limene ndinaphikira wa gemu njati

Mpaka lero Yotamu, mwana wanga, sandiuza kumene amasunga zinthu. Sindimudzudzula.

Chinali chaka chachitatu titalandira ufulu. Tulo tinandithawa mwezi wathunthu, ndiye namwino wa pachipatala chathu, mtsikana wochokera kumpoto, anandipatsa timapiritsi toyera. "Kamodzi kokha, ambuya, pogona."

Pogona! Ine ndigone ngati chipika, njovu zili m'mapira, mpongozi ali pafupi ndi nkhokwe? (Nanga mtsikanayo ankafuniranji kwambiri kuti ndigone? Anamutuma ndani?) Ndinati ndimwa m'mawa, anthu onse akuonana. Poona kuchepa kwake, ndinamwa tiwiri.

Sabata imeneyo Yotamu anali atapha njati chakumtunda kwa mtsinje wa Lupande. Akanagwidwa, inali ndende basi. Nyama yowamba ndinaibisa ndekha kudenga la khitchini yanga, poti ena onse pakhomopo ndinkawaona kuti ali ndi pakamwa.

Tulo sitinabwere. Chinabwera ndi chikondi. Mutu unapepuka, miyendo ngati yobwereka, ndipo aliyense ankaoneka wabwino, ngakhale mpongozi. Masana anafika pa njinga a Mubita, mlonda wa nyama, amene ife timati wa gemu. Munthu amene kale ndinkangomuyankhira kuseri kwa mpanda.

"Mwaswera bwanji, ambuya?"

"Mwana wanga, waonda! Boma silikudyetsa? Khala pansi."

Akuti ndinakwera pamtondo, n'kutsitsa mtolo wonse wa nyama ija iye akuona. Akuti ndinaiphika n'kuthira ndi nsinjiro, ndikuimba. Ine ndimangokumbukira nkhope ya Yotamu atatulukira kuchokera kumunda, khasu lili paphewa, osatha kulowa, osatha kuthawa.

A Mubita anadya, n'kupemphanso msuzi. Atasamba m'manja anayang'ana Yotamu nthawi yaitali.

"Achimwene, mbuzi ya ambuya ndi yaikulu ndithu."

"Ee, bwana. Inali yokalamba."

"Ikhale yomaliza. Mbuzi zotere ndikazionanso, ndidzabwera ndi buku la milandu." Kenako anatembenukira kwa ine: "Ambuya, kagoneni."

Ndinadzuka mawa lake dzuwa litapendeka, pakamwa pouma, mutu ngati mwalowa njuchi. Pamene anandifotokozera zonse, ndinakhala pamphasa n'kuyamba kuganiza. Zaka zonsezi ndinkalondera anthu a pakhomo pano kuti wina asatigulitse. Ndinaiwala kulondera mmodzi, yemwe amavala chitenje changa.

Yotamu anapachika mfuti, pano amapalasa bwato la alendo odzaona nyama ku msasa wa Chinzombo. Anthu amati a Mubita ndi munthu wachifundo, ndipite ndikathokoze ndi nkhuku. Mwina. Koma ndakhala ndikuganiza: munthu wa boma woona mlandu uli m'mbale, iye n'kuudya, n'kupemphanso msuzi, ameneyo ndi womukhulupirira?

Nkhukuyo ndinatumiza. Yowonda.